Kudzutsa Hornet yakalekale: kukonza kagalimoto ka rimoti popanda kuponya ndalama m'madzi

Anthu ambiri akapeza kagalimoto ka rimoti kakale amakapha sabata yoyamba yomweyo. Wina wakatola pa kaunjika ku Limbe, wina wakafukula m'katoni ya malume ake amene anabwera nako kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1980. Mtima uli dyokodyoko, usiku womwewo ali pafoni kuitanitsa mota yamakono yamphamvu ya brushless ndi batire ya lithium yotchedwa LiPo. Katundu akafika amamanga mothamanga, n'kukaika pabwalo. Kukoka chala kamodzi, kagalimoto kaja fyuu, kenako magiya kukukuku, basi zathera pomwepo. Ineyo ndinatero ndi Hornet yanga yoyamba, ndipo ndinakhala miyezi iwiri ndikudikira giya imodzi yochepa ngati chitsekerero cha botolo la Fanta.

Malangizo ano ndi a Hornet ya 1984, ya kampani ya ku Japan ya Tamiya, ndi mbale wake Grasshopper, chifukwa ziwirizi zimafanana kwambiri kunsi ndipo ndi zosavuta kuyambira. Zambiri zigwiranso ntchito pa Frog ya 1983, Hotshot ya 1985 kapena Scorpion ya Kyosho. Koma suzumirani kaye mkati. Ngati mota, servo (kamakina kokhotetsa matayala) ndi risiva (kolandira malamulo a rimoti) zili pazokhapazokha ndipo zimamasulika, pitirizani kuwerenga. Ngati muli kabolodi kamodzi kobiriwira ndi malo a mabatire a tochi, chimenecho ndi chidole cha m'sitolo, ndipo sichikonzeka mwanjira iyi.

Zipangizo zoti zikhale patebulo

- Masikuludiraiva a mtanda, yaikulu ndi yaing'ono. Masikuluwu a Tamiya ndi a mtundu wa JIS wa ku Japan. Ya Phillips imalowa koma imaterereka n'kudya mutu wa sikuluwu. Ngati ya JIS simuipeza, palani pang'ono nsonga ya Phillips ndi fayilo kuti izikhala pansi bwino.
- Pulayazi ya mlomo wautali, ndi ina yodulira mawaya.
- Kasipanala ka mtanda ka Tamiya, kapena masoketi a 5.5 mm ndi 7 mm.
- Allen key ya 1.5 mm.
- Mita yoyezera magetsi.
- Soldering iron ndi mtovu wake. Mukapanda kukhala nayo, okonza mafoni ndi mawailesi mumsika wa Blantyre kapena wa Ndirande akhoza kukulumikizirani mawaya inu muli chiimire.
- Mswachi wakale, beseni, sopo wotsukira mbale, nsanza, ndi thireyi ya mazira yoikamo masikuluwu.
- Palafini, viniga, oyilo wa makina osokera, supagulu ndi epoxy.

Zoyenera kuitanitsa, koma osati lero

Maberingi, ESC (kabokosi kamagetsi kolamulira liwiro la mota), rimoti ya 2.4GHz ndi risiva yake, servo, batire ndi chaja, matayala, girizi wosadya pulasitiki, oyilo wa silicone wa mashoko, pinion (kagiya ka pa shafti ya mota) yachitsulo, ndi ziwalo zilizonse zothyoka. Mndandandawu usungeni. Mugula mukafika pa sitepe 6.

Kumasula ndi kutsuka

1. Jambulani musanakhudze sikuluwu iliyonse. Pamwamba, kunsi, m'mbali, pamene waya aliyense walowera. Kenako tengani buku la malangizo pa intaneti, Tamiya imaika mabuku ambiri ngati PDF. Hornet ya 1984 nambala yake ndi 58045, ndipo imene anaitulutsanso mu 2004 ndi 58336. Grasshopper yoyamba ndi 58043, yotulukanso mu 2005 ndi 58346. Manambalawa alembeni, chifukwa ndi amene mudzafufuzire ziwalo. Mwayi wathu ndi woti ziwalo zambiri za zotulukansozi zimakwana pa zakale.

2. Chotsani batire yakale ndi zamagetsi zonse. Mukapeza batire ya NiCd ya 7.2V itatuwa ngati yawazidwa mchere, musayese n'komwe kuitchaja. Muli cadmium, ndi poizoni. Musaiponye pambaula, m'dzala la zinyalala kapena mumtsinje wa Mudi. Ikulungeni, muisunge pouma pomwe ana safika mpaka mutapeza olandira mabatire akutha.

Mupezanso kabolodi kokhala ndi kamkono kopukusidwa ndi servo yachiwiri, ndi kachinthu koyera ka dothi lowotcha kumbuyo. Imeneyo ndi speed controller yamakedzana. Kachinthu koyerako kamatentha mpaka kusupula chala, ndipo kamkono kakakanirira galimoto imathawa osaima. Chotsani zonse, muziike m'kabokosi. Musataye: amene amasonkhanitsa magalimoto akalewa amafuna zonse zoyambirira.

3. Masulani chigawo chimodzi pa nthawi imodzi: kutsogolo, kenako mashoko, kenako giyabokosi. Chigawo chilichonse chikhale ndi dzenje lake m'thireyi ya mazira ija, ndipo lembani ndi bolopeni pambali pake.

Chenjezo: sikuluwu ikakana, musalimbane nayo. Dinikizani pansi mwamphamvu, potokolani pang'onopang'ono. Ngati ndi chitsulo pa chitsulo, donthezani oyilo muisiye igone. Timakilipi ta pa ma axle timadumpha ngati nthata, ndiye masulirani mkati mwa jumbo yoonekera kuti kakadumpha kagwere momwemo. Kukafunafuna pa simenti yakuda magetsi atazima ndi ntchito yoti simungaikhumbire mnzanu.

4. Tsukani pulasitiki ndi madzi ofunda, sopo wa mbale ndi mswachi. Zitsulo zokha ndi zimene zilowe m'palafini. Masikuluwu a dzimbiri agone m'viniga usiku umodzi, m'mawa muwatsukuluze, muwaumitse, muwapake oyilo pang'ono.

Chenjezo: petulo, thinner ndi acetone zisayandikire pulasitiki. Zimaisungunula kapena kuisiya yosachedwa kusweka. Ndipo musayanike ziwalozi padenga la malata dzuwa la Okutobala, zimapindika. Pamthunzi pa khonde ndi pokwanira.

Kufufuza: apa ndiye pagona nkhani

5. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani tochi ya foni, chiwalo chilichonse muchiunike ndi kuchipinda pang'ono ndi zala. Pulasitiki ya zaka 40 imaoneka yamoyo pamwamba koma mkati inauma kalekale. Mng'alu woyamba umaoneka ngati kamzere koyera, kawirikawiri mozungulira bowo la sikuluwu.

Pa Hornet ndi Grasshopper yang'anitsitsani malo awa: timinyanga ta chesisi pamene mashoko amamangidwa, kutsogolo ndi kumbuyo, mikono ya matayala a kutsogolo, makutu a giyabokosi pamene imagwirana ndi chesisi, bampala, ndi chitseko cha batire chakunsi, chimene chimakonda kugwa galimoto ikadumpha n'kuisiya batire ikukwekwereka ndi mawaya. Magiya muwaone dzino ndi dzino. Mano osongoka ngati a sowo ndi otha. Ma axle agubuduzeni pagalasi kapena patebulo losalala. Wopindika amayenda motsimphina.

Chilichonse cholakwika lembani papepala limodzi, pamodzi ndi chilembo ndi nambala yake ya m'buku lija. Tamiya imagulitsa ziwalo zapulasitiki m'magulu, monga A parts, B parts, ndiye nthawi zambiri mumagula gulu lonse chifukwa cha kachiwalo kamodzi. Zotsalazo zidzakuthandizani mtsogolo.

Zina zimakonzeka pakhomo. Mng'alu waung'ono pa chesisi: boolani kabowo ka 1 mm pamene mng'aluwo wathera kuti usapitirire, palani ndi sandipepa, matani epoxy mkati pamodzi ndi kachidutswa ka pulasitiki kolimbitsa. Supagulu yekha sapirira, amagwira lero mawa n'kusiya. Bowo la sikuluwu likakula, pakani supagulu pang'ono m'mbali mwa bowolo, aume kaye, kenako mumange. Ngati kuseri kuli malo, boolani mutulukire, muike bawuti ya 3 mm ndi nati ya nayiloni. Koma nyanga ya shoko ikathyokeratu, gulani chesisi china. Ndinamatapo kawiri, kawiri konse inathyoka pamalo omwewo.

Kugula

6. Itanitsani zonse kamodzi. Ku Blantyre kuno katundu wochokera kunja sabwera mawa, ndalama zakunja ndi zovuta kupeza, ndipo phukusi lililonse lili ndi mtengo wotumizira komanso mwina msonkho wa MRA. Mapukusi anayi ang'onoang'ono amadya ndalama kuposa limodzi lalikulu. Ziwalo zimapezeka pa eBay, AliExpress, RCMart ya ku Hong Kong, ndi m'masitolo a magalimoto otere ku South Africa. Mabatire a lithium ndi penti ya m'zitini zopopera amazikaniza kawirikawiri pandege, choncho ndi bwino kupempha wachibale amene akubwera pamsewu kuchokera ku Johannesburg, inu mukamuchingamire ku Wenela.

Tsono ziwalo za makampani ena, zosakhala za Tamiya, si zonse zabwino ndipo si zonse zoipa. Maganizo anga ndi awa.

Gulani mosakayika maberingi, ESC, rimoti, servo, batire ndi pinion yachitsulo. Izi zimapeputsa ntchito ya galimoto popanda kuipatsa katundu woposa msinkhu wake. Masitika obwereza akale, monga amene amapanga a MCI Racing, nawonso ndi abwino.

Ganizirani kawiri pa ziwalo za aluminiyamu zonyezimira zija. Pachithunzi zimakopa. Koma mkono wapulasitiki wa tayala unapangidwa kuti uzipindika ndi kuthyoka galimoto ikagunda mwala. Mukaika wa aluminiyamu, mkonowo upulumuka, nkhonya yonse ipite pa chesisi chokalamba. Mwateteza chiwalo chotchipa n'kupereka nsembe chodula. Ziwalo zosindikiza pa 3D printer zimathandiza pamene chenicheni chasoweratu, koma funsani kuti ndi za nayiloni. Zina zimafewa zikatenthedwa, ndipo galimoto yosiyidwa padzuwa m'Novembala imatentha ndithu.

Siyani mota ya brushless yamphamvu. Giyabokosi ya Hornet ndi axle imodzi yolimba imene imadumphadumpha ngakhale ndi mota yake yomwe. Mukaonjezera mphamvu, sikuti muthamanga kwambiri, muzingogubuduka kwambiri.

Maberingi, mwa njira, yesani kaye konkuno. Ambiri pa magalimoto awa ndi a 5 x 11 x 4 mm, amene Tamiya imawatchula 1150, ndipo kamodzi kakang'ono ndi ka 5 x 8 x 2.5 mm, kotchedwa 850. Tengani bushi yakale, kamphete kapulasitiki kamene axle imazunguliramo, m'thumba mukafunse kwa ogulitsa maberingi cha ku Ginnery Corner kapena ku Limbe. Werengani mabushi amene mwachotsa kuti mudziwe ofunika angati, ndipo sankhani otseka ndi labala. Fumbi lathu la Seputembala silichita manyazi.

Kumanga giyabokosi ndi mota

7. Paliponse panali bushi yapulasitiki ikani beringi. Ilowe ndi chala, osati ndi hamala. Manganinso differential, magiya amene amalola matayala a kumbuyo kuzungulira mosiyana pokhota, motsatira buku, timagiya titatu ting'onoting'ono tija tikhale m'malo mwake. Girizi akhale wa ceramic kapena wa silicone, ndipo pakani pang'ono chabe, mano angonyezimira. Girizi wakuda wa minibasi musiyireni kondakitala. Wina amafooketsa pulasitiki, ndipo akachuluka amakoka mchenga n'kusanduka sandipepa.

Pomanga sikuluwu m'bowo lakale, yambani mwaipotokolera kumbuyo mpaka mutamva kuti khethe, yagwera m'njira yake yakale. Kenako pitani kutsogolo. Mukangolowetsa mwachisawawa imadula njira yatsopano, ndipo kachitatu bowo latha. Ikagwira, siyani. Kukhwimitsa kotsiriza kuja, kwa "ndiwonjezere pang'ono", ndi kumene kumang'amba makutu a giyabokosi.

Mukatseka, zunguzani tayala limodzi ndi dzanja. Linalo lizungulire chobwerera, mosalala. Mukamva gwedegwede kapena kukanirira, tsegulaninso pompano.

Chenjezo: mankhwala omatira masikuluwu, a buluu aja, ndi a chitsulo pa chitsulo basi. Akadonthera pa pulasitiki amaiswa.

8. Yesani mota yakale musanaitaye. Hornet imabwera ndi mota ya saizi ya 540, Grasshopper ndi yaing'ono ya 380. Lumikizani mabatire awiri aakulu a tochi, 3V. Ikazungulira mosalala, ili moyo. Pemererani fumbi lituluke, donthezani dontho limodzi la oyilo wa makina osokera mbali iliyonse pamene shafti imatulukira, osati mkati. Ngati ikununkha kupserera kapena shafti ikugwedera, gulani ina ya 540 yamba, imene amaitcha silver can, ya 27T. Amene akufuna kaliwiro pang'ono akhoza kuika Sport Tuned ya Tamiya, ndipo ine pamenepo ndi pamene ndimalekezera.

Pinion ya Hornet ndi ya mano 18, module (kukula kwa mano) 0.8. Ya aluminiyamu imatha msanga, ndipo fumbi lake losakanikirana ndi girizi limapanga phala lakuda limene limadya giya yapulasitiki. N'chifukwa chake ndimati yachitsulo. Kasikuluwu ka pinion kagwire mbali yophwatalala ya shafti, ndipo mano a pinion alowe m'lifupi monse mwa giya inayo. Pa Grasshopper, mukasintha 380 kuika 540, pinion nayo isinthe ikhale ngati ya Hornet. Pa magalimoto amene mota imasendezeka, panikizani kachidutswa ka pepala la kope pakati pa magiya awiriwo, mangani mota, tulutsani pepala. Mpata umene watsalawo ndiye woyenera.

9. Mashoko a kumbuyo a Hornet ndi a oyilo. Khuthulani zakalezo, sinthani ma O-ring, thirani oyilo wa silicone wa pakati pa 300 ndi 400. Kankhani kamtengo ka shoko mmwamba ndi pansi pang'onopang'ono mpaka thovu lonse litatuluka, dikirani mphindi khumi, tsekani. Oyilo wa injini ayi, amatupitsa labala. Kamtengo ka shoko musakagwire ndi pulayazi yopanda nsanza. Kakakandika, shokoyo izidontha mpaka kale. Kutsogolo kuli masipulingi chabe, ingotsukani. Grasshopper ilibe oyilo kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo kudumpha kwake kuja ndi chibadwa, dzina lomwelo ndi chiwala.

Zamagetsi

10. Rimoti zakale za 27MHz zinkagwira ndi makristo, timapulagi tosankhira nambala ya mafunde a wailesi, ndipo anthu awiri akakhala pa nambala imodzi galimoto imamvera onse. Ya 2.4GHz, ngakhale yotchipa ngati za Flysky, imathetsa vutoli. ESC imene ambiri timaika ndi Hobbywing QuicRun 1060: ndi ya mota za maburashi monga 540 ija, siopa madontho a madzi, ndipo imadyetsa yokha risiva ndi servo, kotero kabokosi kakale ka mabatire anayi a risiva sikafunikanso.

Ndondomeko yake ndi iyi. Ikani galimoto pa njerwa kapena pa chitini, matayala ali m'malere. Servo ilowe pa channel 1, ESC pa channel 2, waya wakuda kapena wa bulawuni ukhale mbali ya minus. Yatsani rimoti poyamba, galimoto pambuyo. Pozimitsa, galimoto poyamba. Musakhudze kokokera moto ka pa rimoti mpaka ESC italira, chifukwa pamenepo ikuphunzira pakati. Ikani trim ya chiwongolero, kabatani ka pa rimoti kowongolera matayala, pakati, servo iime yokha, ndiyeno mumange servo saver, kamkono ka pamutu pa servo kokoka chiwongolero, moongoka.

Apa ambiri amalakwitsa. Amamanga servo saver magetsi asanayatse, kenako galimoto imakhota kwambiri kumanzere, kumanja pang'ono, iwo n'kumati servo ndi yakufa. Chinanso, mano a pamutu pa servo amasiyana: Futaba ali 25, Hitec 24, Sanwa 23. Mukakakamiza chosakwana chigwira masiku awiri, kenako chizingoterereka. Ngati rimoti yanu ili ndi EPA, yoikira malire a chiwongolero ndi moto, chepetsani mpaka servo isiye kulira matayala akafika kumapeto.

Matayala akazungulira chobwerera mukakoka moto, sinthanitsani mawaya awiri a mota. Koma mawaya a batire musasinthanitse ngakhale kamphindi: wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, apo ayi ESC ifuka utsi. Yezani ndi mita musanalumikize pulagi imene mwawotcherera nokha. Mawaya onse amangeni asakhudze magiya, ESC ndi risiva muzimate ndi tepi yomata mbali ziwiri. Pomaliza ikani failsafe, yoimitsa galimoto ikasiya kumva rimoti, n'kuiyesa: galimoto ili pa njerwa paja, kokani moto pang'ono, zimitsani rimoti. Matayala aime.

11. Batire. Kwa woyamba ndimalangiza NiMH ya 7.2V, ya 3000mAh kapena kuposa pang'ono. Imakwana m'malo mwake bwinobwino, imakhululuka mukalakwitsa, ndipo iyendetsa nthawi yaitali kuposa ya 1200mAh imene anthu ankagwiritsa ntchito kale. LiPo ya 2S (ya maselo awiri), 7.4V, ndi yopepuka komanso yamphamvu, koma ili ndi malamulo. Malo a batire a Hornet ndi obulungira m'mbali, ndiye LiPo ya makona anayi nthawi zambiri sikwana, fufuzani yobulungira. Itchajeni ndi chaja ya balance yokha, imene imalinganiza maselo, selo iliyonse isapitirire 4.2V, isatsike pansi pa 3.0V, ndipo posunga ikhale cha pa 3.8V. Ikatupa, yatha ntchito. Pa ESC ya 1060 pali kapulagi kosankhira LiPo kapena NiMH. Mukaiwala kukasuntha, LiPo idzakamidwa mpaka kufa.

Tchajirani pa simenti, kutali ndi makatani ndi matiresi, inu muli pomwepo. Musasiye batire pa chaja n'kukagona poti magetsi azima, chifukwa akabwera 2 koloko usiku palibe woyang'anira. Chaja ngati iMAX B6 imalandira 11 mpaka 18V, choncho imagwira pa batire ya galimoto kapena ya sola. Kwa ife kuno ubwino umenewu ndi waukulu kuposa zina zonse zolembedwa pa katoni yake.

Matayala, bodi ndi penti

12. Matayala akale akang'aluka kapena kuuma gwa, sinthani. Malimu a Hornet ndi Grasshopper ndi a zidutswa zitatu zomangidwa ndi timasikuluwu, ndipo amapana tayala okha, guluu safunika. Chidutswa chapakati chimavuta kulowa m'tayala; viikani tayalalo m'madzi ofunda a sopo kaye. Ana a Ndirande amene amapanga magalimoto a mawaya ndi matayala a patapata angakusekeni atakuonani mukutuluka thukuta ndi kamphira kamodzi.

Bodi ndiye pamene muyenera kudziwa chimene muli nacho. Ya Hornet ndi ya polycarbonate, yofewa, yoonekera, ndipo imapentedwa mkati ndi penti ya mtundu wa PS. Mtundu wake ndi wakuda. Ya Grasshopper ndi pulasitiki yolimba yoyera, imapentedwa kunja ndi penti ya TS. Mukasokoneza, penti imasuwa ngati khungu la njoka galimoto ikangogunda koyamba. Penti wamba ya m'hardware imatheka pa bodi yolimba mukayesa kaye pamalo obisika, koma pa polycarbonate ayi.

Tsukani bodi ndi sopo, iume, poperani mopyapyala katatu m'malo mwa kamodzi kokhuthala. Sankhani tsiku louma. M'masiku a chiperoni, Juni ndi Julaye, chinyezi chimachititsa penti kutuwa. Bodi yatsopano ya polycarbonate imakhala ndi kapepala koonekera kunja. Kasendeni mutapenta, musanamate masitika. Inde, ndinamatapo masitika onse pamwamba pa kapepalako. Sitika iliyonse inyowetseni ndi madzi a sopo pang'ono kuti muthe kuisendeza, kenako finyani madziwo ndi nsanza.

Ngati bodi yoyambirira ikadali yathunthu ndi masitika ake, musaipale. Ipukuteni, muiike pa shelefu, mugule ina yoyendera.

Ulendo woyamba

13. Pezani bwalo la dothi lolimba lopanda miyala, monga bwalo la mpira la m'dera lanu nthawi imene kulibe osewera, kutali ndi msewu wa maminibasi ndi akabaza. Yendani mphindi zisanu mwapang'onopang'ono. Konzani trim mpaka iziyenda moongoka. Imani, ikani chala pa mota: ngati simungapirire masekondi asanu, yatentha kwambiri, fufuzani chimene chikukanirira. Onani manati a matayala, kasikuluwu ka pinion ndi chitseko cha batire. Ine chitsekocho ndimachimata ndi tepi nthawi zonse.

Mukabwerera kunyumba chotsani batire, sasani fumbi ndi burashi youma, ikani galimoto pa kathabwa kuti matayala asaphwatalale.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kugula musanamasule. Mumapezeka muli ndi mashoko okongola pamene chesisi chomangapo chili chong'aluka.

Kuyendetsa m'udzu wautali. Udzu umakulunga ma axle, mota imatentha, ndipo Hornet ndi yaifupi moti imangokhala pamimba matayala akupalasa mphepo.

Kulowa m'matope nyengo ya mvula poti ESC siopa madzi. ESC siopa, koma risiva, servo yotchipa ndi maberingi zimaopa. Dothi lofiira likauma mkati mwa beringi, yapita.

Kutsuka galimoto yomangidwa kale pampopi. Madzi amakhala m'giyabokosi sabata yonse, masikuluwu n'kuchita dzimbiri.

Kusiya batire yolumikizidwa poti switchi yazimitsidwa. Zulani pulagi. LiPo yosiyidwa choncho mungaipeze itatupa.

Kubwerera m'mbuyo galimoto ikadali kuthamanga kutsogolo, kapena kutera pansi chala chili pa moto wonse mukadumpha. Mano a magiya amathothoka pamenepo. Siyani moto ili m'malere.

Kutaya ziwalo zakale. Bushi, sipulingi, sikuluwu yopindika, zonse zisungeni m'botolo. Tsiku lina mudzayezera chatsopano pa chakalecho.

Kupereka rimoti kwa mwana osachepetsa moto. Pabwalo ana adzabwera, zimenezo musakayike, ndipo mmodzi adzati "ankolo, ndiyeseko". Mpatseni, koma tsitsani kaye EPA ya moto ifike theka, muime naye pakati pa bwalo, kutali ndi mapolo a golo. Bampala yanga yachiwiri inathera pa polo la kum'mawa, ndipo woyendetsa anali mlamu wanga wa zaka 43.